Lipoti la Msonkhano Wokambirana za Lymphoma Yokula Pang'onopang'ono mu Ubongo

A Wapampando ndi mamembala nonse, ndikupereka lipoti la msonkhano umene munandituma, komwe kunakumana madokotala a opaleshoni ya ubongo, akatswiri oyeza minofu m'labotale ndi ena oona za khansa ya m'magazi.

Oyankhula anatikumbutsa kuti mwa odwala 10 alionse amene lymphoma yawo (khansa ya maselo oyera a m'magazi oteteza thupi) yayambira mu ubongo, pafupifupi 9 amakhala ndi mtundu wolusa wotchedwa diffuse large B-cell lymphoma. Mitundu yokula pang'onopang'ono ndi yosowa, ndipo wodziwika kwambiri ndi marginal zone lymphoma imene imamera pa dura, nembanemba yolimba yokuta ubongo. Mtunduwu uli m'ndandanda wa zotupa za mu ubongo umene bungwe la WHO linatulutsa mu 2021, ndipo umagwira makamaka amayi a zaka zapakati, amene amafika kuchipatala akudandaula mutu wosatha kapena kugwa ngati a khunyu.

Chovuta n'chakuti pa chithunzi cha MRI chotupachi chimafanana kwambiri ndi meningioma, chotupa china chomera pa nembanemba zokuta ubongo chimene kawirikawiri si khansa, mpaka kamchira kamene kamaoneka kakutsata nembanemba ija, motero ambiri amadziwika pokhapokha kachidutswa ka chotupacho kakayezedwa m'labotale. Kumeneko amapeza timaselo ting'onoting'ono toteteza thupi ta mtundu wa B tokhala ndi chizindikiro chotchedwa CD20, chiwerengero chotsika cha Ki-67 (muyezo wa mmene maselo akuchulukirana), ndi maselo a plasma (opanga mapuloteni oteteza thupi) otulutsa puloteni ya mtundu umodzi wokha, kappa yekha kapena lambda yekha, chomwe chimasiyanitsa khansa ndi kutupa wamba. Wodwala amaunikidwanso thupi lonse, mafuta a m'mafupa ndi madzi a mumsana, poopa kuti matendawo anayambira kwina.

Mfundo imene ndinaona kuti ikutikhudza kwambiri ndi ya dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa. Mankhwalawa amapha maselo a lymphoma mofulumira, moti akaperekedwa kachidutswa kasanatengedwe, woyeza amatha kupeza minofu yosaonetsa kanthu, wodwala n'kubwerera kwawo osadziwa chimene chikumudwalitsa. Kwathu kuno, kumene chotupa cha m'mutu timayamba tachiganizira TB kapena toxoplasmosis (matenda a tizilombo ogwira ubongo), dzanja limafulumira kulemba mankhwalawa. Komatu chithandizo chimasiyana: mtundu wolusa umafuna mankhwala a khansa a methotrexate ochuluka, pamene wa pa dura kawirikawiri umagonja ndi opaleshoni pamodzi ndi radiotherapy (chithandizo cha cheza chopha maselo a khansa) yochepa mphamvu.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tikambirane zoti wodwala amene moyo wake suli pachiswe asamapatsidwe dexamethasone tisanalankhule ndi a opaleshoni, ndiponso zoti chotupa chilichonse chochotsedwa pa dura chizitumizidwa kulabotale ngakhale chikuoneka ngati meningioma.