Mafilimu oopsa a masiku ano akungotidyera bandulo

Akonzi,

Ndipatseniko danga nditulutse zomwe zandikhala pakhosi chiyambire Loweruka lapitali.

Ndinagula bandulo ya intaneti ndi ndalama imene mayi akunyumba akuti ikanagula makala a sabata yathunthu, cholinga ndionere filimu yatsopano yoopsa imene anthu akhala akuichemerera pa Facebook. Dzina lake sinditchula, ndingaitsatsire malonda ulere. Ndinathimitsa magetsi ndekha (inde, tsikulo analipo) n'kukhala pansi ndi mwana wa mlongo wanga wa Fomu 2, nditamuchenjeza kuti akayamba kubwebweta kutulo asandidzutse. Sipanathe mphindi khumi, mwana anasanduka mlosi. "Malume, akatsegula wadiropuyo mutuluka mphaka." Mphaka anatulukadi. "Akawerama kuti asukusule, podzuka pagalasi paoneka chinthu kumbuyo kwake." Chinaoneka. Foni inasowa netiweki nthawi imene iye ananena, galimoto inakana kulira nthawi imene iye ananena, ndipo mtsikana wothawa uja anapunthwa pabwalo losesa bwino, popanda ngakhale chitsa.

Kenaka mphwangayo anatenga rimoti n'kutseka mawu. Akonzi, chiwanda chija chinangotsala ngati munthu wochokera kuchigayo, ufa mbuu kumaso. Tinaseka mpaka mayi anatuluka kuchipinda kudzafunsa ngati imeneyi ndiyo filimu yoopsa imene yatha ndalama ya makala.

Chandikwiyitsa kwenikweni ndi phokoso. Nyimbo zimaleka, kumangoti zii, munthu akuyenda pang'onopang'ono mumdima, kenaka phuu! kugunda kwa ng'oma kofuna kuboola makutu. Ndinawerenga ndi zala, anachita zimenezi ka 17 mufilimu ya ola limodzi ndi theka. Ka 17! Ine chivundikiro cha poto chikagwa kukhitchini ndimadzidzimuka. Tayala la minibasi likaphulika padepoti tonse timalumpha, ena kutaya ndi mandasi omwe. Kodi pali amene anamulipirapo kondakitala pomuthokoza kuti wamuopsa bwino? Kumeneko ndi kudzidzimutsa, ndipo mwana aliyense wobisala kuseri kwa chitseko amakutha osapita kusukulu ya mafilimu.

Musamvere ine wa ku Ndirande, mverani katswiri wopanga mafilimu Alfred Hitchcock. Iye ankapereka chitsanzo cha anthu awiri akucheza, bomba lili pansi pa tebulo. Likangophulika oonera osadziwa kanthu, adzidzimuka kwa masekondi ochepa basi. Koma mukawaonetsa bombalo poyamba, ndi wotchi ikuyenda, akhala mtima uli m'mwamba kwa mphindi 15, kufuna kukuwa kuti thawanitu inu. Steven Spielberg pojambula Jaws ya 1975 chidole chake cha shaki chinkangowonongeka m'madzi a m'nyanja, ndiye anakakamizika kuchibisa mbali yaikulu ya filimuyo. Anthu ankaona madzi ndi miyendo ya osambira, n'kumva kanyimbo ka mawu awiri kaja, ndipo ena anasiya kusamba m'nyanja. John Carpenter anapanga Halloween mu 1978 ndi madola pafupifupi 300,000, chigoba cha wakupha uja atachita kugula m'sitolo. Lero opanga mafilimu ali ndi makompyuta otha kujambula chilichonse, ndiye amationetsa chiwanda chonse, mano ndi zikhadabo zomwe, mu kanema wotsatsa malonda filimu isanatuluke n'komwe.

Chifukwa chake tikuchidziwa, ndi ndalama. Paranormal Activity inajambulidwa ndi madola 15,000 okha koma inabweretsa oposa 190 miliyoni, ndipo makampani a ku Hollywood anaphunzirapo chimodzi: wononga zochepa, bwereza zomwezo. Saw yafika mafilimu 10 kuchokera mu 2004. Halloween ili pa 13, munthu mmodzi yemweyo amuwombera, amutentha, amudula mutu, koma akubwerabe ngati ngongole ya katapila. Mu 2021 kampani ya Universal inalipira madola 400 miliyoni kuti ipange mafilimu atatu a The Exorcist, dzina la mu 1973. Yoyamba itatuluka mu 2023 anthu anainyoza, woikonza anachoka, yachiwiri ija anaichotsa pandandanda. Madola 400 miliyoni kugula dzina la agogo, nzeru za agogowo osagula!

Ndipo n'chifukwa chiyani zonse akuzijambula mumdima wa bii, woti pa TV yathu yapanyumba ukungoona nkhope yako? Bola kumavidiyo show a kwathu kuno, DJ womasulira m'Chichewa amakuuzako zomwe zikuchitika, n'kuthirapo nthabwala, ndalama yako osapita pachabe. Ine ndinakula ndi agogo oti akayamba "padangotero" ife n'kuvomera "tili tonse", pofika pakati pa nthano palibe ankalimba mtima kutuluka kukataya madzi. Analibe jenereta, analibe sipika. Ankangotsitsa mawu, n'kukhala chete, kuyang'ana kukhomo ngati amva china chake. Kadzidzi akalira padenga usiku umenewo tinkagona mulu umodzi. Ana a lero nthano sakuzimva, mafilimu sakuwaopsa, angotsala kuloweza kuti mphaka atulukira pati.

Sindikuti zonse n'zophwanyika. Get Out ya Jordan Peele, ya 2017, inandisowetsa tulo, ndipo sizodabwitsa kuti inapata mphoto ya Oscar ya nkhani yolembedwa bwino. Koma munthu ungapirire madeya angati kuti upeze njere imodzi?

Pempho langa lipite kwa a Censorship Board, amene lamulo la 1968 linawapatsa ntchito younika mafilimu: pambali pa zaka za oonera, muziikaponso chizindikiro choti "iyi ndi yaphokoso chabe", tizidziwiratu tisanagule bandulo. Nanunso a Film Association of Malawi, nyamulani kamera mupite kumudzi agogo otsalawa asanathe, mukajambule nkhalango ya kumanda dzuwa litangolowa, ng'oma zija musiye.

Filimu ija inathera poti diso la chiwanda latsegukanso, ndiye kuti yachiwiri ikubwera. Mphwanga akuti akudziwa kale amene adzayambe kufa, ndipo akufuna tibetcherane K2,000.

Wokonda mafilimu wokhumudwa,
Ndirande, Blantyre