Ndi "laughing stock", osati "laughing stalk"

A Mkonzi,

Ine ndili ndi kashopu ku Kamwala komwe ndimatayipira anthu makalata pa kompyuta, ndiye Chizungu chomwe anthu akulemba muno mu Lusaka ndimachiona tsiku ndi tsiku.

Sabata yatha kunabwera amayi ena a ku Chawama ndi kalata yodandaula kwa alandilodi awo, yolembedwa ndi bolopeni papepala lothothola mu kope la mwana wawo wa Giredi 12. Denga likudontha chaka chachiwiri tsopano, mvula ikayamba iwo amatchera mabeseni ndi mapoto m'nyumba monse mpaka pabedi pomwe, anansi nkumawaseka. Mwana uja analemba kuti "you have made me a laughing stalk". Ndinati amayi, apa tikonzepo, "stalk" ndi phesi ngati la chimanga lija. Mawu ake ndi "laughing stock", akale ndithu, Azungu akhala akuwalemba kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo "stock" kalelo ankatanthauza chitsa kapena chipika. Ndiye kuti munthu amene aliyense akumuseka, wasanduka choseketsa pamudzi.

Mzere wotsatira unali "the neighbours laugh me". Apa mwana sindimuimba mlandu ayi chifukwa ife timangoti amandiseka, ka -ndi- kali mkati momwemo basi, koma Chizungu chimafuna "laugh at me". Chosokoneza nchakuti "mock", yemwe amatanthauza kuseka munthu monyoza, safuna "at", mumangolemba "they mock me" chabe.

Omwe amandipweteka mtima kwambiri ndi "make a mockery of". Ambiri amataya "a" kapena kuika "on" m'malo mwa "of", ena amaganiza kuti ndi kuseka kwa hahaha, pamene mawuwa amanena za kupeputsa chinthu cholemekezeka monga lamulo, chilungamo kapena pangano mpaka chioneke ngati chamasewera. Alandilodi aja analonjeza kukonza malata koma lendi akungolandira, ndiye ndinawalembera amayiwo kuti "you have made a mockery of our agreement".

Aphunzitsi a Chizungu chonde, mwanayu alemba mayeso a ECZ, bungwe loona za mayeso muno mu Zambia, chaka chomwe chino. Mawu oterewa muziwalemba pabolodi ana awaone ndi maso, kungomva m'makutu "stock" ndi "stalk" pakamwa pathu zimamveka chimodzimodzi.

Wowerenga wanu,
Kamwala, Lusaka