Kalata kwa Makolo Pakutha pa Teremu: Za Nkhanza za M'hositelo ndi Mwambo wa Sukulu Yathu

Okondedwa makolo ndi nonse olera makadeti athu,

Landirani moni wochokera kuno kusukulu. Teremu yatha, ana akubwera kudzapuma, ndipo zotsatira za mayeso awo zili mu envulopu yomweyi. Ndikadakonda kuyamba ndi zokoma, koma nkhani imene yatidyera nthawi teremu ino ndi ya nkhanza za m'hositelo, ndiye ndiyambira pomwepo.

Mayi woyang'anira hositelo ya ana aang'ono adaona kuti anyamata ena a Kalasi 6 ndi 7 ali ndi mikwingwirima pamapewa ndi pamsana. Titafufuza, tidapeza kuti anyamata ena a Kalasi 11 amawadzutsa magetsi akazima, n'kupita nawo kuseri kwa mabafa. Kumeneko amawagubuduza pamiyala, kapena kuwagwiritsa murga, chilango chija munthu amanyonyomala n'kupisa manja kunsi kwa mawondo kuti agwire makutu, mpaka miyendo kunjenjemera. Ena amachapitsidwa masokosi ndi kupukuta jombo za akuluakuluwo mpaka pakati pa usiku, m'mawa mwake n'kumasinza m'kalasi. Mmodzi adamenyedwa khofi pakhutu.

Onse amene tidawafunsa adayankha chimodzimodzi, kuti ndi mwambo wa pano, nawonso adadutsamo. Chondikhumudwitsa kwambiri n'chakuti makolo ena amene tidawaitana adanena zomwezo, ati mwana wa sukulu ya usilikali ayenera kukhwima. Popeza mawu akuti mwambo akubisaliridwa chonchi, ndiloleni ndikumbutse kumene mwambo wa sukulu ngati ino udachokera.

Mu ulamuliro wa Angerezi, mwana wa dziko lino la India adayamba kupatsidwa mwayi wokhala ofisala weniweni mu 1918, ndipo malo ake anali 10 okha pachaka ku Sandhurst, sukulu ya maofisala ya ku England. Ambiri mwa amene ankapitako ankavutika chifukwa chosakonzekera. N'chifukwa chake pa 13 March 1922 kudatsegulidwa sukulu ku Dehradun, yotchedwa Prince of Wales Royal Indian Military College, imene lero ndi Rashtriya Indian Military College. Ntchito yake inali kutenga mwana akadali wamng'ono, kumuphunzitsa m'kalasi, pabwalo ndi patebulo lodyera, kuti akafika kokaphunzira usilikali asakachite chilendo. Dongosolo logawa ana m'nyumba zopikisana, mapulifekiti, perete wa m'mawa ndi masewera a madzulo tsiku lililonse, sukulu za usilikali zidalitenga m'nthawi imeneyo. Dziko litalandira ufulu mu 1947, zidaoneka kuti maofisala akuchokerabe m'madera ochepa ndi m'mabanja opeza bwino. Nduna ya za chitetezo V. K. Krishna Menon ndi imene idayambitsa sukulu zokonzekeretsa ana usilikali zotchedwa Sainik mu 1961, yoyamba ku Satara m'chigawo cha Maharashtra, kuti mwana wa mlimi nayenso akafike ku National Defence Academy (NDA), sukulu ya maofisala ya ku Khadakwasla. Sukulu yathu ndi imodzi mwa zimenezo. Ndiye mukaganiza bwino, mwana wochokera kumudzi amene akugubuduzidwa pamiyala usiku ndi yemwe uja sukuluyi adaimangira.

Zoyenera kuchita wamkulu kwa wamng'ono zidanenedwa kale momveka. Mu December 1932, potsegulira Indian Military Academy ku Dehradun, mkulu wa asilikali pa nthawiyo, Philip Chetwode, adauza makadeti kuti choyamba ndi dziko, chachiwiri ndi ulemu ndi umoyo wa anthu amene ukuwatsogolera, ndipo zako iwe mwini zimabwera pamapeto nthawi zonse. Mawu amenewa adalembedwa mu holo ya pamalopo mpaka lero. Major Somnath Sharma, yemwe adaphunzira pa sukulu ya Prince of Wales ija, adamenya nkhondo ku Badgam m'dera la Kashmir pa 3 November 1947 dzanja lake lamanzere lili mu pulasitala. Anthu ake atachepa, iye ndi amene ankathamanga kudzaza zipolopolo m'magazini n'kumapatsa asilikali ake, mpaka adafera pomwepo. Ndiye woyamba kulandira Param Vir Chakra, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima pankhondo. Amene akufuna mwambo ayambire apa, osati pa masokosi.

Pulifekiti wa pano ali ndi ntchito zodziwika: kuwerenga ana pa nthawi yoitana mayina m'mawa ndi usiku, kuperekeza wodwala ku chipinda cha chipatala, kuphunzitsa watsopano kuyala bedi, kupinda yunifolomu ndi kupaka polishi jombo zake za mwini wakeyo. Mphamvu yopereka chilango alibe. Akaona cholakwa amalemba dzina n'kupereka kwa mphunzitsi woyang'anira nyumba. Chilango chikaperekedwa chimachitika masana, poyera, pali mphunzitsi, ndipo chimalembedwa m'buku. Chilichonse chochitika mumdima kuseri kwa bafa si cha sukulu.

Kwa amene mukuti izi zimalimbitsa thupi, tamverani zimene zimachitika. Mwana akanyonyomala n'kudzuka kambirimbiri osapuma komanso osamwa madzi, minofu ya m'ntchafu imatha kuphwanyika mkati, zinyalala zake n'kulowa m'magazi. Chizindikiro chake ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka ndi ntchafu zotupa zosapindika, ndipo impso zimatha kuwonongeka. Masewera olimbitsa thupi a m'mawa sachita zimenezi chifukwa mlangizi amayamba ndi kutenthetsa thupi, amawonjezera pang'onopang'ono sabata ndi sabata, ndipo amasiyanitsa wa zaka 11 ndi wa zaka 17. Khofi la pakhutu nalo limatha kuboola kachikopa ka m'kati mwa khutu. Kakapanda kupola bwino, madokotala oyeza ofuna kulowa usilikali akhoza kumubweza mwanayo, zaka 7 za pano n'kupita pachabe. Womenyayo naye akudzipweteka. Ku mayeso a SSB osankhira ofuna kukhala maofisala, amene amatenga masiku 5, amawapatsa matabwa, mitengo ndi zingwe kuti gulu liwoloke chopinga, oyesa ali chapatali kuonerera. Wozolowera kulamula mokalipa ndi kukankha anzake amaonekera msanga, ndipo si amene amamufuna.

Lamulo nalonso silitilola kutseka maso. Gawo 17 la lamulo la ufulu wa maphunziro la 2009 limaletsa chilango chopweteka thupi ndi kuzunza mwana m'maganizo, ndipo mu 2015 bungwe loyang'anira maphunziro ndi mayeso la CBSE lidalamula sukulu zake kukhala ndi komiti yoona za kuzunzana kwa ana. Komiti yathu idakumana. Amene anali mapulifekiti mwa olakwawo avulidwa maudindo, amene adatsogolera abwezedwa kunyumba kwa kanthawi, ndipo adzalandiridwa pokhapokha atabwera ndi kholo lenileni, osati amalume obwereka panjira. Aphunzitsi oyang'anira nyumba aziyendera mahositelo kawiri usiku, nthawi yosadziwika. Khomo lolumikiza hositelo ya aang'ono ndi ya akuluakulu lizikhala lokiya magetsi akazima. Bokosi la madandaulo talichotsa pakhomo la ofesi, pomwe mwana ankaopa kuonedwa, taliika pafupi ndi chipinda cha chipatala, ndipo kiyi ili ndi ine ndekha.

Koma zonsezi sizikwanira popanda inu, makolo anzanga. Ana amabisa, chifukwa amaopa kutchedwa akazitape. Ndikukupemphani kuti patchuthipa muyang'ane mapewa, msana, zigongono ndi mawondo a mwana wanu. Mukamufunsa ngati akumenyedwa adzakana. Mufunseni kuti amagona nthawi yanji, amachapa zovala za anthu angati, polishi wake amatha pa masabata angati. Tsegulani thiranki muwerenge katundu molingana ndi mndandanda umene tidakupatsani. Malaya, tochi kapena jombo zikasowa, funsani modekha kuti zidapita kuti. Mwana amene wayamba kukodza pabedi, kapena kudwala mutu tsiku lobwerera likayandikira, akukuuzani kanthu. Mukapeza chilichonse lemberani ine, dzina la mwana silidzatuluka. Nambala ya 1098 yothandiza ana nayo ndi yaulere. Inu amene ana anu ali Kalasi 10 mpaka 12, khalani nawo pansi, muwerenge limodzi fomu ya lonjezo imene ili mu envulopu, musaine nonse awiri. Ndikudziwa kuti ena a inu mudadutsa m'sukulu zotere ndipo mumakamba nkhani za chilango moseka pa chakudya. Chonde, mwana akamva bambo ake akuseka, amatenga ngati chilolezo.

Za fizi ndinene mwachidule, ngakhale nazo zatisautsa. Mabanja angapo sanamalize kulipira, ndipo ndalama ya chakudya ikachedwa, amene amatiperekera mkaka, mazira ndi ndiwo zamasamba amadikira, pomwe ana sangadikire. Ambiri mwa ochedwawo ndi oyenera thandizo la boma la chigawo, koma sanatumize chikalata chosonyeza ndalama zimene banja limapeza, kapena adatumiza cha chaka chatha. Katengeni chatsopano ku ofesi ya tehsildar, mkulu wa boma woona za misonkho ndi malo m'dera lanu, tchuthi chisanathe. Amene zinthu zavutadi, bwerani tikambirane, musangokhala chete. Mafoni amene tidalanda m'matiresi ndi m'mabokosi a polishi tipereka kwa makolo okha.

Zabwino ziliponso. Makadeti ena a Kalasi 12 apambana mayeso olemba a NDA ndipo akukonzekera SSB. Ena asankhidwa kukayesedwa ngati angalowe msasa wa bungwe la makadeti la NCC ku Delhi wokonzekera perete wa tsiku la Republic pa 26 January. Mpikisano wa nyumba wothamanga mtunda wautali udayenda bwino popanda wovulala. Atsikana athu, amene adayamba kulandiridwa m'sukulu zonse za Sainik kutsatira chilengezo cha pa 15 August 2021, akuchita bwino m'kalasi ndi paperete. Ndikuthokoza aphunzitsi, ogwira ntchito kukhitchini ndi amayi oyang'anira mahositelo.

Tsiku lobwerera lalembedwa pa chiphaso cha tchuthi. Mwana afike isanakwane 4 koloko madzulo, atameta, ali mu yunifolomu, ndi juzi ziwiri chifukwa kudzakhala kukuzizirabe, katundu yense atalembedwa nambala yake ya sukulu. A Kalasi 10 ndi 12 atenge mabuku, mayeso a CBSE ayamba mu February. Fomu ya lonjezo ndi risiti ya fizi zidzalandiridwa pageti.

Ndikufunirani tchuthi chabwino.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu