Ana athu azilemberana za nyenyezi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za nyenyezi zamchira. Ija ya Hale-Bopp anaitulukira mu July 1995 ndi anthu awiri osadziwana, Alan Hale ku New Mexico ndi Thomas Bopp ku Arizona, usiku umodzimodzi, wina anatumiza imelo wina telegalamu kwa akatswiri, basi inatenga mayina awo onse. Bopp ngakhale telesikopu inali ya mnzake! Ndiye kuno ku Chitakale magetsi akazima nyenyezi zimangoti waliwali pamwamba pa phiri, ana amaloza nkumafunsa, zimandikhudza ine. Aphunzitsi a sayansi, bwanji osayambitsa kagulu pa WhatsApp, ana azilemba tsiku, nthawi ndi mbali yomwe aonera, azitumizirana ndi anzawo aku Thyolo? Paja ya Halley ikubweranso 2061, odzaiona ndi iwowa.

Kholo lokhudzidwa,
Chitakale, Mulanje