Mwana wanga, za mowazi ndazimva

Mlongo wako wandiuza zonse, usamukalipire, ndachita kumukakamiza ndine. Akuti masiku ano sukwera pa siteji usanamwe, ndipo mabala ena ku Cape Town konko akumakulipirani mowa m'malo mwa ndalama, iwe nkumavomera. Zoona zimenezi mwanawe? Ndiye lendi ukulipira ndi chani, mabotolo?

Mzungu uja unamata chithunzi chake kuchipinda kwako, Elliott Smith, tamufufuza pa foni. Unkatisokosa naye kuti katswiri ndi ameneyu, woimba motsitsa ngati akunong'ona, koma mathero ake sunatiuze. Anayambira ku Portland ndi gulu la Heatmiser, mu 1998 mpaka anakaimba pa mwambo wa mphoto za makanema wa ma Oscar atavala suti yoyera dziko lonse likumuonera, koma mowa ndi mankhwala ozunguza bongo a heroin zinamugwira moti nthawi zina ankaiwala mawu a nyimbo zake zomwe anthu atalipira kale pakhomo. Chakumapeto anayesetsa ndithu kusiya. Anamwalira mu 2003 ku Los Angeles ndi mabala a mpeni pachifuwa, zaka 34 zokha. Ameneyo analinso ndi mayi ake, ine ndikaganiza mayiyo m'mimba mumandiwotcha.

Luso ulinalo, zimenezo sindikana. Ndimakumbuka banjo yako ya chigubu cha mafuta ija, mawaya ake unachotsa ku mabuleki a njinga ya bambo ako, iwo anakalipa tsiku lonse koma madzulo ndi omwewo anakhala pakhonde kumamvetsera. Nthawi imeneyo unkaimba utamwa chani? Thobwa basi.

Amalume ako nawonso ankati kachasu amawachotsa manyazi akamaimba pa zikwati. Unawanyamula wekha pa wilibala kuchokera kumsika, sindikuuza zachilendo.

Mnzako woimba ng'oma uja sindimufuna, ndinamuona maso ake pa vidiyo ija. Ukamaliza kuimba tenga ndalama yako m'manja, osati mowa, uzipita kunyumba. Uzidya usanapite kokaimba. Ngati ukuona kuti pawekha sungathe kusiya pita kuchipatala ukanene, si zamanyazi, ndipo ngati mtima ukulemera usamangozitsekera mu nyimbo, undiimbire ngakhale pakati pa usiku foni ndimagona nayo. Ndalama m'manja wamva? osati mowa.

Ndapatsira ufa ndi usipa dalaivala wa basi uja, afika Lachisanu ku Joni, ulankhule ndi msuweni wako akutumizire. Lamulungu tikachoka ku tchalitchi ndikuimbira pa vidiyo, ndikufuna ndione nkhope yako.

Ndine mayi ako