Za tini ndi salufa musazitaye, akonzi

Akonzi,

Ndawerenga kalata ya bambo wina m'nyuzipepala yanu yapitayi, amene amati ndalama zofufuzira tinthu tosaoneka ndi maso nzotaya basi, bola kugulira feteleza. Feteleza ndikumufuna nanenso, ndimalima fodya ndi chimanga kuno ku Kasungu, koma bambo aja andikhumudwitsa pang'ono, ndiye ndiloleni ndiyankhe ngati mphunzitsi wa kemisitiri pa sukulu ina ya CDSS yopanda labu.

Nditenge chitsanzo chimodzi chomwe anthu angachiseke, cha tini ndi abale ake a salufa. Tini ndi chitsulo chija amapaka mopyapyala pa zitini za nsomba, ndiponso chili mu waya wa soda amene anyamata okonza mafoni pa Kasungu boma amasungunula tsiku lonse. Malata a padenga ayi, amenewo amapakidwa zinki, anthu amasokoneza. Salufa ndi uja wa ku Sodomu, ndipo pa tebulo la maelementi ali m'gulu la 16 limodzi ndi okosijeni, seleniyamu ndi teluriyamu. Tini akakumana ndi salufa, seleniyamu kapena teluriyamu m'njira yoyenera samangopanga fumbi ayi, amamanga timagulu ta maatomu tokhala ndi chaji ya negetivi, ndipo kamangidwe kake ndi kokongola moti ana anga a fomu 4 amasiya phokoso.

Ganizirani mafuwa atatu, kenaka muike lachinayi pamwamba pake. Mafuwa anayiwo ndi salufa, pakati penipeni pabisala tini mmodzi. Ndi SnS4 ameneyo (Sn ndi tini, S ndi salufa), chaji yake 4 negetivi, chifukwa tini wabweretsa 4 pozitivi pomwe asalufa anayi abweretsa 8 negetivi. Tsono timagulu tiwiri totere tikabwerekana mafuwa awiri, timasanduka Sn2S6. Tikakhala tinayi, kalikonse nkugwirana ngodya ndi anzake atatu, pamatuluka Sn4S10, kakhola kokhala ndi mphako pakati, kofanana ndi kachidutswa ka mmene maatomu a kaboni amakhalira mu dayamondi. Werengerani nokha, 16 ya atini anayi kuchotsa 20 ya asalufa khumi, mupezanso 4 negetivi. Ife timaumba zimenezi ndi dongo la kudambo ndi timitengo ta machesi, mwana wina anandifunsa kuti sala, ndiye amene anauza maatomuwo kuti aime choncho ndani, ine ndinangoseka, funso limenelo ndi lomwe anthu adyera nalo ma PhD.

Kapangidwe kake sikovuta monga mmene mungaganizire, chovuta ndi zipangizo. Mjeremani wina, Bernt Krebs, anaonetsa kalekale cha m'ma 1970 kuti zina mwa izi zimapangika m'madzi wamba, ndipo ukamawonjezera asidi pang'onopang'ono timagulu tating'ono timayamba kulumikizana kukhala tokulirapo. Kungoti asidi akachuluka pamatuluka mpweya wonunkha mazira ovunda, ndipo ndi poizoni weniweni, musayesere kukhitchini. Njira ina amathira ufa wa tini ndi seleniyamu m'kachitsulo kotsekeka zolimba pamodzi ndi mankhwala amadzimadzi, nkuika mu uvuni pa madigiri 150 kapena kupitirirako masiku angapo, ngati mmene nyemba zimapsera msanga mu poto wa presha, potsegula amapeza timakristo, timiyala ting'onoting'ono tonga ta mchere. Za teluriyamu zambiri zimaonongeka zikangokhudza mpweya, ndiye amazigwirira m'bokosi lagalasi lodzaza ndi agoni, mtundu wa mpweya umene suziononga, manja ali m'magolovesi. Kuti adziwe pomwe atomu iliyonse yakhala amawomba kakristoko ndi X-ray nkuwerenga mmene kuwalako kwabalalikira, luso limene William Bragg ndi mwana wake Lawrence analandira nalo mphotho ya Nobel mu 1915.

Bambo aja afunsa kuti nanga tidya zimenezo? Ku Northwestern University ku America, gulu la Mercouri Kanatzidis linapanga mankhwala a potaziyamu, manganizi, tini ndi salufa otchedwa KMS-1, osanjikizana ngati mapepala, amene amakoka zitsulo zapoizoni, mekyule, ledi ndi kadimiyamu, m'madzi nkutulutsa potaziyamu m'malo mwake, chifukwa salufa amakondana kwambiri ndi zitsulo zolemerazi. Ndi nkhani za migodi zomwe zili mkamwamkamwa m'dziko muno, ndi anthu otsuka golide m'mitsinje, ine ndikuona kuti tidzafuna ana athu omwe odziwa zoyeretsa madzi, osamangodikira mlendo. Mu 2014 gulu lomwelo linalengezanso kuti kristo ya tini ndi seleniyamu, SnSe, imasandutsa kutentha kukhala magetsi bwino kuposa zambiri zomwe zinkadziwika nthawi imeneyo. Ndikamaona moto wa m'mabani a fodya wa fuluu ukungothera m'mwamba ndimaganiza zambiri, ngakhale ndikudziwa kuti pakati pa labu ndi bani pali mtunda.

Ndipo seleniyamu yemweyo si mlendo kuno. Dothi lathu lambiri limapereka seleniyamu wochepa ku chimanga, pomwe thupi la munthu limamufuna, nchifukwa chake mu 2019 ofufuza anabwera kwa Wimbe konkuno kudzayesa ufa wa chimanga chothiridwa feteleza wa seleniyamu. Ku Finland anayamba kuthira seleniyamu mu feteleza mu 1984. Ndiye feteleza amene bambo aja akumufunayo, amene amadziwa choikamo ndi munthu yemwe anayamba ndi kuwerenga maatomu omwewa, eti.

Chimene chimandiwawa nchakuti mwana amafika pa mayeso a MSCE asanagwirepo testi chubu, akungoloweza mafomula ngati ndakatulo, mawa nkumunena kuti sayansi yamukanika. Pempho langa kwa inu akonzi ndi laling'ono, tipatseniko kakona kamodzi pa mwezi kolemba sayansi m'Chichewa, ine ndiyamba ndi kujambula Sn4S10 wathu wadongo ndikutumizireni pa WhatsApp, kungoti mundipatse sabata imodzi tiumbe wina, woyamba uja anang'aluka ndi dzuwa pa windo la sitafu rumu.

Mphunzitsi wa kemisitiri,
Kasungu