Ubwino wa filimu ya makatuni suli pa kuseketsa kokha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa maganizo amene ndimawamva kawirikawiri kwa makolo anzanga, ndipo nthawi zina ndimawawerenganso pa masamba a zisangalalo, akuti filimu ya makatuni ikakhala yowala, yothamanga ndi yoseketsa ndiye kuti yakwana. Muyeso umenewu ine ukundivuta. Masiku apitawa ndinakhala pansi ndi ana anga awiri kuonera WALL-E, filimu imene kampani ya Pixar inatulutsa mu 2008, ndipo zimene ndinaona pankhope zawo ndi zimene zandilembetsa kalatayi.

Nkhani yake ikuchitika m'chaka cha 2805. Anthu anathawa padziko lapansi zaka 700 m'mbuyomo n'kukakhala m'zombo zamumlengalenga chifukwa linali litadzaza zinyalala, ndipo anasiya maloboti kuti aziyeretsa. Ena onse anawonongeka, n'kutsala kamodzi kokha, kakang'ono, kadzimbiri, kotchedwa WALL-E. Tsiku lililonse kamakokolola zinyalala, kuzifinyira m'mimba mwake, n'kuzisanja mpaka milu yake kutalika ngati nyumba zosanjikizana. Mnzake ndi mphemvu basi. Madzulo kamabwerera kumene kamagona, kuvula matayala, n'kuonera tepi yakale ya vidiyo momwe mwamuna ndi mkazi akugwirana manja. Kenako kamayesa kugwiranitsa manja ake awiri achitsulo.

Kwa mphindi zoposa 30 zoyambirira, kukambirana kulibe kwenikweni. Ndinkayembekeza kuti wamng'ono wanga, wa zaka zisanu, ayamba kutakataka. M'malo mwake anangoti duu, maso ali pakanema, mpaka pamene anandikoka dzanja n'kufunsa chapansipansi kuti, “Bambo, kodi kasungulumwa?” Palibe anamuuza. Mufilimumo palibe amene anatchula mawu amenewo, ndipo palibe nyimbo imene inamulongosolera. Anadzionera yekha pa kaweramidwe ka mutu ndi kagwedwe ka maso. Filimu imene ingakhulupirire mwana motere, n'kumusiyira mpata woti adzipezere yekha tanthauzo, ndiyo ndimaitcha yabwino.

Zoterezi sizinangochitika mwangozi. Wotsogolera filimuyi, Andrew Stanton, anatengera maso a lobotiyo ku magalasi oonera patali aja okhala ndi mipope iwiri, ataona kuti ukangowapendeketsa pang'ono amaoneka ngati akudandaula kapena akudabwa. Ojambula ake anatenga nthawi yaitali akuonera mafilimu akale opanda mawu a Charlie Chaplin ndi Buster Keaton kuti aphunzire mmene thupi limayankhulira pakamwa pali potseka. Kulira ndi kung'ung'udza kwa lobotiyo kunapangidwa ndi Ben Burtt, yemwe uja anapanga mawu a loboti ya R2-D2 m'mafilimu a Star Wars, ndipo pa filimu imodziyi anakonza timaphokoso toposa 2,000. Anaitananso Roger Deakins, katswiri wa kamera m'mafilimu a anthu enieni, kuti awalangize za kuwala, n'chifukwa chake fumbi ndi dzuwa la m'filimuyi zimaoneka ngati zajambulidwa panja osati pakompyuta. Tikumbuke kuti sekondi imodzi ya filimu imafuna zithunzi 24. Pa filimu ya mphindi 98, zithunzizo zimaposa 140,000, ndipo anthuwa anasankha kuti zambiri mwa izo zithere pa kaloboti kamene kakudabwa ndi supuni, kapena kakusamutsira kambewu kobiriwira mu nsapato yakale. Mphamvu yodzaza kanema ndi kuphulika anali nayo, koma anaugwira mtima.

Mbali ya sayansi nayonso inandikondweretsa, chifukwa inabala mafunso. Pali malo pamene lobotiyo ili mumlengalenga ndipo ikuyenda popopera chozimitsira moto. Wamkulu wanga, wa zaka 11, anafunsa ngati zimenezo zingatheke. Zingathekedi: ukakankhira mpweya kumbuyo, iwe umapita kutsogolo, monga mwa lamulo lachitatu la Isaac Newton, ndipo ndi mmene roketi imayendera. Filimuyi imanenanso kuti mafupa a anthu anafooka chifukwa chokhalitsa m'chombo. Izi zili ndi maziko, pakuti opita kuthambo akakhala kumene thupi silimva kulemera amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a kulimba kwa mafupa ena mwezi uliwonse. Ngakhale kasetilaiti kamene kamagunda nkhope ya WALL-E pamene chombo chimene wakangamira chikuboola chimtambo cha zinyalala zozungulira dziko ndi Sputnik, ya mu 1957. Yeniyeniyo inapsa kale pogwa mu Januwale 1958, koma chifukwa cha kamphindi kameneko tinakambirana za zinyalala zakuthambo mpaka nthawi yogona inapitirira.

Sindikunena kuti filimuyi ilibe chilema. Nkhani ikasamukira m'chombo cha Axiom, mmene mukukhala anthu, bata lija limatha, n'kuyamba kuthamangitsana, ma alamu ndi maloboti ogundana, zimene timaziona m'makatuni ena onse. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi mmene anthu anajambulidwira. Onse ndi onenepa, agona pamipando yoyandama, chakudya akumwera m'makapu, maso ali pa sikirini. Cholinga ndikuchimva, ndipo wamkulu uja anabisa foni yake mwakachetechete ataona zimenezi. Komabe pali malo pamene munthu akagwa pampando n'kulephera kudzuka, kanemayo amafuna kuti tiseke thupi lakelo. Mwana wonenepa amene akuonera ndi anzake angachoke pamenepo ndi bala mumtima, ndipo ndinayenera kuimitsa filimuyo pang'ono n'kuwauza ana anga kuti vuto la anthuwo ndi kusiya kuyang'anana, osati kukula kwa matupi awo. Palinso kambewu kaja kamene kamapezeka panja pa chombo, popanda mpweya, n'kukhalabe kamoyo. Chimenecho ndinachikhululukira msanga.

Ngakhale zili choncho, mapeto ake anabwezera zonse. Lobotiyo itaphwanyika n'kukonzedwa, imadzuka osakumbukira kanthu, n'kuyamba kufinya zinyalala ngati makina wamba, mpaka kuponda mphemvu ija osaiona. M'chipinda munali zii. Wamng'ono uja anali atagwira malaya anga zolimba, ndipo anapuma pokhapokha pamene zala zachitsulo zija zinagwira dzanja la EVE, loboti inzake. Dzanja lomwelo limene tinaonetsedwa koyambirira pa tepi yakale ndi limene linamasula nkhani yonse. Sindinadabwe kumva kuti filimuyi inapambana mphoto ya Oscar ya makatuni mu 2009, ndiponso kuti mu 2021 dziko la United States linaiika m'kaundula wa mafilimu oyenera kusungidwa.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi lakuti olemba anu akamaunika filimu ya banja asamangotiuza kuti zithunzi n'zokongola ndipo ana aseka. Atiuze ngati nkhaniyo ikulumikizana kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ngati sayansi yake ili ndi poponda, ngati muli nthabwala zonyoza maonekedwe a munthu, ndiponso msinkhu umene ungaipirire popanda mantha. Makolo ambiri sitikhala ndi nthawi yoionera kaye tisanaonetse ana, choncho timadalira mawu anu. Ndipemphenso kuti olembawo aziionera pamodzi ndi mwana, n'kutilembera malo amene mwanayo anakhala chete ndi zimene anafunsa itatha.

Ine wanu,
Kholo la ana awiri